Ku Joni Ndi Maola Awiri Okha

Fungo la mafuta a nsatsi likandipeza, kaya mu minibasi kaya pamsika wa Limbe pamene amayi ena amawagulitsa m'timabotolo, ndimapezeka ndili pakhonde la kanyumba ka zipinda ziwiri ku Ndirande, dzuwa lisanatuluke bwino kuseri kwa phiri, utsi wa mbaula ukundilowa m'maso, mapazi a agogo ali pamiyendo panga. Anali mapazi akuluakulu, olemera, zidendene zake zong'aluka ngati dothi la m'dambo m'chilimwe, ndipo ntchito yanga m'mawa uliwonse, ndisanasambe kupita kusukulu, inali yowapaka mafuta mpaka ming'aluyo itafewa. Pambali pathu mphika waukulu wa nyemba unkabwata, chivundikiro chikugogoda, kumunsi ku Makata makina a m'mafakitale akuyamba kulira, ndipo amuna ovala maovololo ankatsika kanjira ka pakhomo pathu m'magulumagulu, akulonjera agogo osaima.

Agogo amenewa anali mayi awo a ababa, Msena wa ku Nsanje, ndipo Ndirande yense ankawatcha amake a Zuze, potengera ababa, amene anali mwana wawo mmodzi yekha wamwamuna. Sanali agogo onyengerera mwana. Ukagwa ankayamba akufunsa ngati mbale imene unanyamula yasweka, za bondo lako pambuyo. Masana ankasenza nyemba ndi mpunga kupita pageti la fakitale ina ku Makata kukagulitsa kwa antchito, ndipo munthu akawauza zimene sakugwirizana nazo ankafwenkha fodya wa mphuno, n'kuyankha ndi liwu limodzi la kwawo lotanthauza ayi: "Nkhabe." Likatuluka liwu limenelo nkhani yatha, ngakhale abambo mfumu a ku tchalitchi kwathu ankalidziwa.

Ine ndinakulira m'manja mwawo chifukwa amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndipo pasanapite nthawi ababa ananyamuka kupita ku Joni. Zinali zaka zija matipate atangobwera, pamene mafakitale ena ankatseka zitseko ndipo amuna ambiri a m'dera lathu ankangoti, tikaone kutsogolo. Ababa anandisiya ndi diresi latsopano ndi mawu akuti abweranso posachedwa.

Kupatula nyemba, agogo anali ndi ntchito ina imene sankalandirapo kanthu. Munthu akadwala kwambiri m'dera lathu, achibale ake ankabwera kudzawatenga. Agogo sankapempherera wodwala mokweza, sankamupatsa mankhwala. Ankangokhala kumiyendo kwa mphasa, n'kulowetsa dzanja pansi pa bulangete, n'kugwira mapazi. Akatulutsa dzanja n'kunena kuti, "Mphikireni phala," anthu ankapuma. Akanena kuti, "Itanani abale ake," azimayi ankayamba kusuntha mipando. Ankati munthu safa ngati babu la magetsi. "Imfa imayambira kumapazi, ndipo imakwera pang'onopang'ono. Imakupatsa nthawi yophika nyemba." Sindikudziwa ngati madokotala angavomereze zimenezo, koma ku Ndirande kwathu palibe amene ankawatsutsa, poti galu wamkota sakandira pachabe.

Nkhani ya maola awiri inalowa m'nyumba mwathu pa Khirisimasi ina, pamene ababa anabwera koyamba pa ndege. Anatsika mu takisi atavala jekete yachikopa kunja kukutentha chonchija, m'manja muli chikwama cha matayala chimene chinakana kuyenda pamiyala ya kanjira kathu. Agogo atawayang'ana kumaso ndi kumapazi anafunsa kuti, "Unanyamuka liti iwe, osaoneka fumbi?"

"Lero lomwe lino, amayi. Tiyi ndamwera ku Joni."

"Usandiyese mwana."

"Zoona, amayi. Kuchoka ku Joni kufika pa Chileka ndi maola awiri okha, ndi kanthu pang'ono pamwamba."

Agogo anayang'ana mphika. Kenako anati, "Ndiye kuti ndikaika nyemba pamoto iwe ukukwera, ufika zisanapse?"

"Ndifika n'kuzidikira, amayi," anatero ababa akuseka.

Mawu amenewo agogo anawatenga n'kuwamanga pansonga ya chitenje. Kwawo ku Nsanje, kumene anabadwira, basi inkatenga tsiku lathunthu, kutsika zitunda za ku Chikwawa mabuleki akununkha, kudutsa Nchalo, kukafika ku Bangula msana utatheratu. Tsopano anamva kuti Joni, dziko la eni, ali pafupi kuposa kwawo. Anazinena pageti la ku Makata, anazinena pampopi, anazinena ku limana, gulu lathu la mapemphero la ku tchalitchi. Mayi wina akadandaula kuti mwana wake ali ku Mzuzu ndipo sabwera, agogo ankamumvera chisoni chenicheni. "Wanuyo ali kutali. Wanga ali pompa, ndikangoti psi wafika." Ndege ikamadutsa kutsikira ku Chileka ankakweza mutu n'kuilonjera ngati mnansi.

Chaka china m'nyengo ya chiperoni agogo anagwidwa ndi chibayo. Anagona masiku angapo osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada, akubwebweta m'Chisena, ndipo azakhali anga a Joana, amene ankakhala ku Bangwe, anabwera kudzawasamala. Azakhali anachita mantha. Anapita kwa a Makwinja, aneba athu, dalaivala wa lole ku Makata, amene anali okhawo okhala ndi foni ya m'manja pamzere wathu, n'kuwaimbira ababa. Panapita masiku, pafupifupi sabata, ababa asanafike. M'masiku amenewo mankhwala a ku chipatala anagwira ntchito, ndipo tsiku limene takisi inaima kumsewu agogo anali pakhonde, atafunda bulangete, akusankha nyemba m'lichero.

Ataona mwana wawo akukwera kanjira, agogo anatembenukira kwa azakhali. "Wamuitana ndani?"

"Ndine, amayi."

"Liti?"

Azakhali ankawaopa agogo ngati moto, ndipo ankadziwa kuti akanena kuti anaimba kalekale osapempha chilolezo, mlandu ukula. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Lero m'mawa, amayi."

Nkhope ya agogo inawala. Sindinawaonepo akumwetulira chotero, mano awo otsalawo onse poyera. Ankaona ndi maso awo kuti zinali zoona, waitana m'mawa, masana wafika.

Ababa sanamwetulire. Anaima pabwalo, chikwama chili m'manja, n'kuyang'ana lichero lija. "Kodi odwala aja ndi amenewa?"

"Achimwene, zinali zoopsa," anatero azakhali. "Mukanawaona Lachiwiri."

"Ine ndimayesa amayi akufa! Ndasiya ntchito, bwana wanga ndamugwadira, ndakwera ndege, kudzapeza anthu akusankha nyemba? Mwandiitanira chimfine?" Kenako anatsitsa mawu, ngati munthu amene akufuna kukonza zimene wawononga, koma anangowonjezera. "Amayi, musandimve molakwa. Ulendo wina muzindiitana zikakhala zenizeni. Ndi maola awiri okha, sindingachedwe."

Agogo anapitiriza kusankha nyemba, kamwala kumbali, yofumbwa kumbali. Kumwetulira kuja kunazimiririka pang'onopang'ono. "Wamva, Joana? Zikakhala zenizeni." Sanalankhulenso za nkhaniyo masiku onse amene ababa anakhala, ndipo anawaphikira, anawachapira, anawaperekeza mpaka kumsewu. Ine ababa anandisiyira nsapato zimene zinali zazing'ono, poti ankakumbukira phazi la mwana amene anamusiya.

M'mawa wotsatira, ndikuwapaka mafuta, agogo anandigwira dzanja. "Tereza, kuyambira lero palibe woitana bambo ako chifukwa cha matenda anga. Ndamuchititsa manyazi kamodzi, sindibwerezanso. Ndidzamuitana kamodzi kokha, ndipo wondiuza nthawi yake ndiwe."

Anandiphunzitsa tsiku lomwelo. Anati usamagwire ndi chikhatho, chimanama chifukwa chimakhala ndi kutentha kwakekwake. Uzigwira ndi kuseri kwa dzanja, kuyambira ku zala mpaka pa kakolo. Kuzizira kwa m'mawa kumathawa ukapaka mafuta n'kutikita. Koma kulipo kuzizira kwina kumene sikumva mafuta, kumene ukatikita kumangokuyang'ana, ndipo ukabwerako pakapita kanthawi umapeza kwakwera. "Ukadzakupeza kumeneko, usadzandinamize. Udzanene. Tidzaika nyemba pamoto, iye adzakwera ndege, adzandipeza ndikulankhula."

Ndinali mwana wa sitandade faifi. Anzanga m'mawa ankadera nkhawa za masamu ndi chikwapu cha aphunzitsi, ine ndinkadzuka kukafufuza imfa m'mapazi a agogo anga. Ntchito inali yomwe ija, mafuta omwe aja, koma tsopano inkayamba ndi funso.

"Ali bwanji?"

"Akutentha, agogo."

"Paka."

Zaka zinapita chomwecho. Ababa ankaimba Lamulungu lina ndi lina pa foni ya a Makwinja, ndipo ine ndinkathamanga osavala nsapato kukailandira. Ndikafunsa kuti mubwera liti, yankho linali limodzi: "Nthawi ina iliyonse, mwana wanga. Si pompa apa? Maola awiri okha." Khirisimasi inkafika n'kudutsa. Ndinalandira ukaristia woyamba, ndinalemba mayeso a sitandade eyiti, ndinatha msinkhu azakhali n'kundilangiza, ndipo pa zonsezi munthu wokhala pompa uja sanaoneke. Anzanga amene abambo awo ankabwera pa basi, masiku awiri pamsewu kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, miyendo itatupa, ankawaona abambo awo chaka ndi chaka. Ife a ndege tinkangomva kulira kwake kumwamba. Ndinazindikira mochedwa kuti kufupikako n'kumene kunatidya. Munthu wakutali amakonzekera ulendo, amasunga tchuthi, amauza anthu tsiku. Wapafupi amati ndibwera mawa, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu.

Agogo sankadandaula, ndipo wina akayerekeza kuwanena ababa ankamudula. "Abwereranji? Ndamuitana?" Kwa iwo kusabwera kwa mwana wawo sikunali kusowa chikondi, kunali kumvera pangano.

Ndili folomu wanu miyendo yawo inayamba kutupa. Anasiya kupita ku Makata, mphika waukulu uja unapachikidwa, ndipo kuyenda kuchoka pamphasa kufika pakhonde ankapuma kawiri. Ku chipatala anati ndi mtima. Azakhali anasamukira kwathu, ndipo tsiku lililonse ankapempha chinthu chimodzi. "Amayi, tiwauze achimwene ayambe kukonzeka."

"Nkhabe."

"Kungowauza kokha, amayi."

"Akonzeke chiyani? Akubwera wapansi?"

Ababa akaimba, agogo ankakhala tsonga, n'kukoka mpweya, n'kulankhula ndi mawu amphamvu ngati a pageti la ku Makata. "Ndili bwino ine. Gwira ntchito." Akabweza foni ankagwa chagada, thukuta lili kamukamu.

A Makwinja, munthu wofatsa amene ankavula chipewa polowa pakhomo pathu, anayesapo tsiku lina. Anakhala pa kampando, chipewa chili pabondo. "Agogo, mundikhululukire, ndilankhuleko. Ndege si minibasi ya ku Limbe yoti ukafika pa siteji umangokwera. Ili ndi masiku ake. Pamafunika tikiti, mapepala, malo akhalepo. Maola awiriwo ndi a m'mwamba mokha."

Agogo anawayang'ana kuyambira kumutu. "A Makwinja, munakwerapo ndege inu?"

"Ayi, agogo."

"Ndiye zimenezo mwazitenga kuti? Mwana wanga tinamuitana m'mawa, masana anali pabwalo apa. Joana, ndikunama?"

Azakhali anali pakhomo ndi beseni m'manja. Ndinawayang'ana, a Makwinja anawayang'ana. Akanangotsegula pakamwa n'kunena kuti amayi, ndinakunamizani, panapita sabata, zinthu zikanasintha. Koma anati, "Simukunama, amayi," n'kutuluka kukataya madzi. Mpaka lero azakhali ndimawakonda, koma beseni limenelo sindinawakhululukire.

Linali tsiku la mwezi wa Okutobala, kunja kutatentha kale m'mamawa, pamene ndinayika kuseri kwa dzanja pa phazi la agogo n'kumva ngati ndagwira mwala wa mumtsinje. Ndinathira mafuta ambiri. Ndinatikita mpaka manja anga anatentha, ndinathiranso, ndinatikita zala chimodzichimodzi. Kuzizirako kunangondiyang'ana, monga ananenera.

"Ali bwanji?"

Ndinapendeketsa botolo kuti madontho otsala atuluke.

"Tereza. Ndinati usadzandinamize."

"Azizira, agogo."

Ndinkayembekeza kuti achita mantha, koma anapuma mozama ngati munthu amene basi yake yafika. Anayamba kulamula ngati masiku akale. Azakhali apite kwa a Makwinja akaimbe, ndipo anene kuti amayi ako akuti zenizeni zija ndi zino. Ine nditsitse mphika, ndisankhe nyemba, ndikoleze mbaula. Awasambitse, awaveke chitenje chimene ababa anawabweretsera pa Khirisimasi ija, chimene chinali chisanavalidwepo. Mphasa yawo isunthidwe ifike pakhomo, kuti aziona kanjira.

Azakhali anabwerako n'kunena kuti achimwene amva, akuti akuyang'ana ndege. Agogo anagwedeza mutu. Nyemba zinabwata, fungo lake linadzaza nyumba, ndipo iwo ankandiuza kuti ndithire madzi pang'ono, ndisathire mchere msanga. Dzuwa litapendeka tinamva ndege ikutsikira ku Chileka.

"Ndi imeneyo," anatero. "Pukuta mpando uwo."

Ndinapukuta mpando. Tinadikira nthawi yoti munthu atenge chikwama, apeze takisi, adutse Chirimba. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro kumsewu, agogo ankadzutsa mutu. Antchito a ku Makata anakwera kanjira pobwerera kwawo, ndipo ataona amake a Zuze atagona pakhomo ndi chitenje chatsopano ankavula zipewa n'kudutsa mwakachetechete. Nyemba zinapsa, zinazizira. Ababa anaimba kuti lero zakanika, malo anadzaza.

Kutacha, nyemba zija zinali zitasasa ndi kutentha. Agogo anati tizitaye, tiike zina. Kuzizira kunali kutadutsa pa kakolo. Tsiku limenelo ababa anati kulibe ndege yopita ku Blantyre, koma mawa ndithu. Agogo anamva uthengawo maso ali kudenga. "Kulibe ndege," anabwereza, ngati akulawa chakudya chachilendo. Anayang'ana kumene kunali a Makwinja, amene anaima pabwalo ndi foni yawo. Madzi ankamwa ndi supuni, mawu anali atachepa, koma maso sanachoke pa kanjira. Mayi amene anauza mabanja ambirimbiri kuti imfa imapereka nthawi yophika mphika umodzi, iye anaikaniza mpaka miphika itatu.

Tsiku lachitatu, mphika wachitatu uli pamoto, anati, "Ndipatseni ndilankhule naye ndekha."

A Makwinja anaimba n'kundipatsa foni, ndipo ine ndinagwada n'kuigwirizira pakhutu la agogo, chifukwa manja awo sankathanso kugwira kanthu. Mutu wanga unali pafupi ndi wawo, choncho ndinamva zonse.

"Amayi, limbani mtima. Ndikubwera. Mukudziwa kuti ndi maola awiri okha."

"Zuze," anatero agogo, liwu lililonse likutuluka palokha. "Nyemba zapsa kawiri."

Kenako ndinamva ababa akulira, kulira kwa mwana wamng'ono, ndipo mawu anayamba kutuluka osaima. Anati mapepala awo okhalira m'dzikomo anatha. Anati akangofika pabwalo la ndege awagwira, ndipo akatuluka sadzawalolanso kulowa. Anati ali ndi ana awiri kumeneko, ang'onoang'ono, mayi wawo sali pantchito, akachoka adya chiyani. Umu ndi mmene ine ndinadziwira kuti ndili ndi abale, khutu langa litagunda tsaya la agogo anga akufa.

"Anatha liti mapepalawo?"

"Amayi..."

"Liti?"

"Chaka chomwe ndinabwera mutadwala chibayo chija, amayi. Chitangotha."

Zaka zonse zija. Lamulungu lililonse limene ndinathamanga osavala nsapato, m'mawa uliwonse umene ndinagwira mapazi ndi kuseri kwa dzanja, ababa ankadziwa kuti njira ya maola awiri inatsekeka, ndipo ankatiuzabe kuti ndi pompa. Akanati amayi, kubwera kwanga n'kovuta, agogo akanawatukwana m'Chisena, n'kupeza njira ina. Akanalankhula nawo zonse zimene ankasungira tsiku lomaliza. Akanagona mkati mwa nyumba ngati wodwala aliyense, osati pakhomo ngati mlonda.

Agogo anasuntha mutu kuchoka pa foni. Ababa ankaitanabe, amayi, amayi, kamawu kakang'ono m'dzanja langa. Agogo sanayang'anenso kanjira.

"Tereza, phula mphikawo. Zimitsa moto."

"Sizinapse, agogo."

"Phula."

Ndinaphula. Ndinathira madzi pa makala, utsi woyera unakwera. Anapempha kuti tiwalowetse m'chipinda ndipo tiwatembenuzire kukhoma. Azakhali anagwada n'kuyamba kunena za tsiku lija la chibayo, akulira, koma agogo anangoti, "Nkhabe," motsitsa kwambiri, ndipo limenelo linali liwu lawo lomaliza. Anatisiya madzulo a tsiku lomwelo, nthawi imene antchito a ku Makata ankaweruka.

Nyemba zosapsa zija azimayi a pamaliro anazibwezera pamoto, anthu anadya. A Makwinja anapempha lole kuntchito kwawo, ndipo tinawatenga agogo kupita nawo ku Nsanje, tsiku lathunthu pamsewu, fumbi lili m'mano, azimayi a limana akuimba mpaka mawu kusasa. Ababa sanabwere pa ndege, sanabwere pa basi. Anatumiza uthenga woti uwerengedwe pamanda, ndipo mkulu wa kubanja amene anaupatsidwa anaupinda n'kuuika m'thumba.

Ndinakula. Azakhali anandiphunzitsa mpaka ndinamaliza, ndinapeza ntchito mu ofesi ina ku Limbe, ndili ndi banja langa ku Chitawira. Zaka zingapo zapitazo a kuntchito ananditumiza ku maphunziro ku Joni, ndipo ndinakwera ndege koyamba. Ndinaona zonse zimene a Makwinja ankanena atagwira chipewa: kudikira pasipoti, kusungitsa malo, mizere, mafunso a anthu a mayunifolomu. Koma titangonyamuka pa Chileka, Ndirande n'kukhala kadontho pansi pa phiri, anatipatsa chakudya, ndinadya, ndinatseka maso pang'ono, ndipo ndinamva akulengeza kuti timange malamba tikutera. Maola awiri ndi kanthu pang'ono pamwamba. Ndinalira mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndikuopa ndege. Sindinkaopa. Chinandipweteka n'chakuti pa mawu onse amene ababa anatiuza, amenewa okha ndiwo anali oona. Ndinakhala mumzinda umenewo sabata yathunthu, nambala yawo ili m'foni mwanga, ndipo sindinaimbe.

Tsopano ababa akalamba. Ali ndi matenda a shuga, mkazi wawo wa ku Joni uja anawasiya, ana aja ali ndi moyo wawo, ndipo iwo amakhala okha m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu. Ayamba kuimba pafupipafupi. Azakhali amati mtima wanga ndi wamwala, amati magazi ndi magazi, ndipo mwina akunena zoona. Pasipoti yanga ndi yabwinobwino, palibe amene angandigwire pabwalo la ndege, ndipo kabotolo ka mafuta a nsatsi ndinagula kale pamsika wa Limbe, kali m'kabati. Tsiku lake likadzafika ndidzapita, chifukwa ndinaleredwa ndi mayi wosunga pangano. Koma pangano lake ndi lomwe lija, limene ababa anaika okha ataima pabwalo ndi chikwama m'manja.

Lamulungu lapitali anaimba ndikuchokera ku tchalitchi. Mawu awo anali ofooka.

"Tereza, mwana wanga, sindili bwino. Bwera udzandione. Si kutali, ukudziwa."

"Ndikudziwa, ababa. Tagwirani mapazi anu. Osati ndi chikhatho, ndi kuseri kwa dzanja."

"Mapazi? Chifukwa chiyani?"

"Tangogwirani. Ali bwanji?"

Ndinamva akusuntha pabedi, akubuula powerama. Sankadziwa chimene ndinkafunsa, poti sanakhalepo pakhonde lija m'mawa.

"Akutentha," anatero.

"Ndiye nthawi ilipo. Akadzazizira mudzandiimbire, zikadzakhala zenizeni. Ndi maola awiri okha, ababa, sindingachedwe."